Pemphero Langa Linasamutsa Alamu

Ku limana kwathu, kagulu kathu ka mapemphero ka Akatolika a m'dera, anasiya kundipatsa pemphero. Palibe amene anandiuza pamaso kuti andiletsa, koma ikafika nthawi yofuna munthu wotsekera msonkhano, maso a apampando amandidumpha ngati minibasi yodzaza ikamadutsa pasiteji. Sindiwadandaula. Koma popeza nkhaniyi anthu a m'Bangwe muno akuifotokoza aliyense ndi mchere wake, ndati ndiilembe ndekha mmene inayendera, kuti pondiseka muzindiseka pa zoona.

Ine si munthu wolankhulalankhula. Ndimasunga katundu m'sitolo ina ya zomangira ku Limbe, ndipo tsiku limatha nditangocheza ndi matumba a simenti. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti zimene zinachitikazi si khalidwe langa.

Ndiyambe ndi mlamu wanga Zuze, mlongo wawo wa mayi a kunyumba. Kwathu tonse ndi ku Nsanje. Zuze anali ndi kanyumba kake m'mbali mwa phiri, mpaka chaka chija matope anatsika n'kukokolola nyumba za anthu. Iye anapulumuka ndi mkazi, ana ndi wilibala. Mkazi ndi ana anawatumiza kumudzi, iye n'kutsala m'tauni kumanyamula katundu wa anthu pamsika. Anagona pabalaza pathu kwa kanthawi. Koma nyumba yathu ndi ya lendi, ndipo alandilodi athu ndi munthu wowerenga mitu ya anthu olowa kuchimbudzi m'mawa. Atayamba kung'ung'udza, Zuze ananyamuka yekha.

Anayamba kugona pakhonde la sitolo ina, ndipo sipanapite nthawi anatoledwa ndi apolisi usiku pa zija timati vakabu. Ndinapita ndine kukamutulutsa. Nditafunsa mlandu wake, anati anapezeka pamalo osayenera. Ndinafunsa kuti malo oyenera a munthu amene nyumba yake inapita ndi matope ndi ati. Anandiyankha kuti ndikapitiriza mafunso ndimutsatira mkatimo. Atatuluka anakapeza wilibala yake itasowa pamene anaimangirira. 

Kenako Zuze anapeza pogona. Kuseri kwa chigayo china kuno kuli shedi ya matabwa ya bambo wina wamalonda, a Namakhwa, amene ine ndinkangowamva dzina, nkhope osaidziwa. Mlonda wa pamenepo, a Thomu, ndi wa kwathu konko. Bwana akatseka n'kupita, a Thomu ankatsegulira Zuze ndi anzake angapo osowa pogona, iwo n'kuyala makatoni pa utuchi, m'mamawa n'kusesa, n'kuchoka. Sanabepo ngakhale msomali. Pondiuza nkhaniyi Zuze anandigwira mkono.

"Alamu, izi zithere pompano."

"Mukundidziwa ine," ndinatero. "Ndingauze ndani?"

Ndiye Lamulungu lina Misa itatha, pa zolengeza anawerenga kuti kukubwera akuluakulu kudzamva maganizo a anthu pa lamulo limene likukonzedwa, lokhudza anthu ogona m'misewu ndi m'makonde, ndiponso mphamvu za apolisi powachotsa. Anati aliyense abwere chifukwa lamulolo ndi lathu. Mawu oti "lathu" amenewo ndiwo anandinyenga.

Ndinapempha tchuthi ku ntchito. Mafunso anga anali awiri basi, ndipo ndinawabwereza m'mutu mpaka anasalala. Munthu mukamuchotsa pakhonde mukamuika kuti? Nanga kugona kunasanduka liti mlandu? Tsikulo litafika ndinavala jekete yanga ya pa ukwati (mabatani ake masiku ano sakumananso, koma ikakhala yotsegula imaoneka bwino).

"Bambo a Rozi, inuyo mukalankhula pagulu?" anafunsa mayi a kunyumba akundikonza kolala. "Inu amene pa chinkhoswe cha mwana wa achimwene anu munangoti zikomo n'kukhala pansi?"

"Lero ndili ndi mawu."

"Chabwino. Mukalankhule za lamulo. Za banja muzisiye pakhomo pano."

Msonkhano unali m'holo ya sukulu ina ya pulayimale. Anatiuza kuti tifike m'mawa, ndipo tinafikadi m'mawa, n'kukhala pa madesiki a ana, mawondo kuchibwano. Akuluakulu anafika dzuwa litapendeka, m'magalimoto a mawindo akuda, popanda wopepesa ngakhale mmodzi. Anakhala kutsogolo pa tebulo la nsalu yoyera ndi maluwa apulasitiki. Panali bwana wochokera ku Lilongwe, khansala, mkulu wina wa apolisi, ndi bambo wonenepa wa tayi yofiira amene anangomutchula kuti wapampando wa amalonda a m'dera lino. Lamulo lenilenilo linalipo. Linali chimpukutu cha mapepala m'Chingerezi, kope imodzi yokha, ndipo bwana anachipsinja ndi botolo la madzi kuti chisauluke ndi mphepo. Palibe amene anatiwerengera ngakhale ndime imodzi.

Zolankhula zinayamba. Aliyense woimirira ankayamba ndi kulemekeza onse a pa tebulo mmodzimmodzi, ndi maudindo awo onse, ngati kuti aiwalana kuchokera pamene woyamba anawatchula. Khansala anathokoza bwana chifukwa chobwera. Bwana anathokoza khansala chifukwa chomuthokoza. Mkulu wa apolisi anati chitetezo chimayamba ndi ine ndi inu. Kenako achinyamata anachita sewero, mmene munthu wogona pakhonde anadzuka n'kuba foni ya mayi wodutsa. Anthu anaseka. Ine ndinaganiza za wilibala ya Zuze.

Wotsogolera mwambo anali mphunzitsi wina amene timapemphera naye parishi imodzi. Anayang'ana wotchi n'kunena kuti, "Chifukwa cha nthawi, poti alendo athu ali ndi ulendo wautali, titenga anthu atatu okha, mwachidule."

Mikono inakwera holo yonse. Iye analoza amfumu a m'dera, amene anathokoza boma n'kupempha mjigo. Analoza mayi wina wa bungwe, wovala malaya olembedwa kumsana, amene analankhula Chingerezi chokhachokha, ndipo mmene ndinamvera ine ankafunsa za msonkhano wotsatira. Kenako analoza wa tayi yofiira uja, ngakhale anali wa pa tebulo. Iye anati anthu ogona m'makonde amakodza pakhomo pa masitolo ndi kuopseza makasitomala, choncho lamulo lidutse msanga. Maganizo a anthu a ku Bangwe anathera pamenepo.

Kumbuyo kwanga kunali mayi wina wogulitsa tomato, amene anasiya benchi lake tsiku lonse. Ananong'ona mokweza dala. "Ife anatiitanira kudzadzaza holo kuti chithunzi chioneke bwino."

Ine mkono wanga sindinautsitse. Unachita dzanzi, ndinauchirikiza ndi unzake. Bwana anali atayamba kulongedza, wojambula anali atatijambula kale, koma ine mkono uli m'mwamba ngati mlongoti. Mphunzitsi uja anachita nane manyazi.

"Bambo a Rozi, ndakuonani kalekale. Nthawi ya mafunso yatha. Koma poti ndinu munthu wa mpingo, bwerani mutitsekere ndi pemphero."

Tsono ife Akatolika pemphero lathu ndi lokonzedwa kale. Umachita chizindikiro cha mtanda, kunena mawu amene unaphunzira uli mwana, n'kukhala pansi. Ndinanyamuka ndi cholinga chomwecho, Mulungu ndi mboni. Koma maikolofoni itafika m'manja mwanga ndinaona chinthu chimene sindinachione tsiku lonse. Akuluakulu onse aja anali ataweramitsa mitu, atatseka pakamwa, akudikira ine. Ndipo kuno kwathu mukhoza kudula munthu mawu, koma simungadule pemphero. Ndinatsinzina.

"Ambuye Mulungu," ndinayamba, "tikukuthokozani kuti alendo athu afika bwino, ngakhale afika mochedwa. Inu amene mumadziwa zilankhulo zonse, mutiwerengere lamulo lili pansi pa botolo lamadzilo, pakuti ife anthu anu sitinalione."

Kumbuyo kunamveka "Ameni" mmodzi, wamantha.

"Mwana wanu anabadwira m'khola chifukwa chosowa pogona. Tikukuthokozani kuti sikunali ku Limbe, chifukwa akanatoledwa iye, amayi ake, ndi abambo omulera aja."

Apa amayi a mipingo ya mizimu anayankha ndi mphamvu, ena mpaka kuwomba m'manja. Ine moyo wanga wonse palibe amene anandiwomberapo m'manja. Zinandikwera kumutu ngati kachasu pamimba yanjala.

"Muwafunse ndinu, Ambuye, pakuti ife atikaniza kufunsa. Munthu akamuchotsa pakhonde akamuika kuti? Tulo munalenga ndinu, nanga kugona kunasanduka liti mlandu? Ngati mkodzo pakhonde ukuwanyansa, muwakumbutse kuti chimbudzi cha pamsika chinatsekedwa kalekale ndipo makiyi ake sakudziwika kumene ali. Muwakhululukire amene atiitana m'mawa kuti adzatimve, n'kudzatimvetsa okha zolankhula zawo mpaka madzulo."

Mphunzitsi uja anatsokomola pafupi ndi khutu langa. Kenako ananena yekha "Ameni" wamkulu, uja wotsekera. Ine ndinapitirira. Amayi ena a kutsogolo anayambitsa kolasi, monga timachitira pamaliro wolankhula akatalikitsa, koma kumbuyo kunabuka mawu a mayi wa tomato uja. "Asiyeni amalize. Mwalankhula tsiku lonse inu." Kolasi inafera m'kamwa. Wina anazimitsa maikolofoni. Sizinathandize, chifukwa munthu wozolowera kuitana anyamata onyamula simenti m'chinyumba cha malata safuna maikolofoni.

Ndikanati ndinene Ameni pamenepo, lero ndikanakhala munthu wolemekezeka m'Bangwe muno. Mwina akanandipempha kuimira ukhansala. Koma ndinaona kuti nkhani yanga ikusowa chitsanzo, kuti bwana wa ku Lilongwe asaganize kuti ndikungopeka.

"Kumbukirani, Ambuye, mlamu wanga Zuze, amene nyumba yake inapita ndi matope. Si wakuba. Inu mukudziwa kuti amagona pa utuchi m'shedi ya matabwa ya a Namakhwa, kuseri kwa chigayo, iye ndi anzake, ndipo sanabepo kanthu. Mudalitse mlonda wachifundo a Thomu, amene amawatsegulira bwana akapita."

Ndinadikira Ameni. Sanabwere. M'holo munangoti zii, moti ndinamva mbuzi ikulira kunja kwa mpanda wa sukulu.

"Shedi ya ndani?"

Ndinatsegula diso limodzi. Wa tayi yofiira uja anali ataimirira, manja ali pa tebulo.

"Bamboyo abwereze. Akuti shedi ya ndani?"

Mphunzitsi anandinong'oneza, "Amenewo ndiwo a Namakhwa."

Pemphero ndinalimaliza, poti simungalisiye panjira. Ndinachita chizindikiro cha mtanda, n'kudziyankha ndekha Ameni. Mkulu wa apolisi anangondiyang'ana n'kumagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wapatsidwa mphatso imene sanapemphe.

Kunja ankagawa zakumwa ndi mabanzi. Ine ndinathamangira a Namakhwa, amene anali akulowa m'galimoto.

"Bwana, pepani. Zija zinali za pemphero chabe."

"Ndiye mumamunamiza Mulungu?"

"Ayi, bwana."

"Ndiye n'zoona." Anatseka chitseko.

Nditatembenuka ndinakumana ndi mayi wa tomato, banzi lili m'manja. Ndinkayembekezera kuti mwina iyeyo andilimbitsa mtima.

"Pemphero labwino, bambo," anatero. "Koma mlamu wanuyo akugona pa utuchi, inuyo nyumba mulibe?"

Amayi amene anali naye anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku jekete. Sindinadikire banzi langa.

Nkhani inafika kunyumba ine ndisanafike. Wina anajambula pempherolo pafoni (anthu ena popemphera satsinzina, ndipo nawonso adzayankha), ndiye mayi a kunyumba anali ataliona kale kawiri, kuchokera ku gulu la amayi a limana ndi ku gulu la banki m'khonde. Ndinawapeza atakhala pampando, manja ali pamiyendo, wailesi itazimitsidwa.

"Ndinati chiyani pochoka paja?"

"Munati ndikalankhule za lamulo."

"Zuze ndi lamulo?"

"Ndimafuna chitsanzo."

"Chitsanzo. Anthu ogona m'makonde adzaza Limbe yense, inu chitsanzo mwachipeza m'banja mwanga. Mpaka dzina la mlonda. Mpaka kuseri kwa chigayo. Munangotsala kumuuza Mulungu kuti akwere minibasi iti."

Ndinakhala chete, monga ndikanachitira masana aja.

Mawa lake pochokera ku ntchito ndinapeza anthu awiri pakhonde pathu. Zuze anakhala pa thumba lake, bulangeti atalipinda pamwendo. Pambali pake panali bambo wachikulire wovala chikhoti chachitali, atagwira chibonga.

"Alamu," anatero Zuze, "ndamva kuti mwandipempherera."

"Pepani, alamu."

"Layankhidwa msanga. Ena amasala kudya mwezi wathunthu osaona kanthu. Inu dzulo, lero tasamuka."

Anandifotokozera kuti a Namakhwa anapita kushedi tsiku lomwelo, anawotcha makatoni, anasintha loko, ndipo abweretsa alonda a kampani ndi galu. A Thomu ntchito yatha.

"Ndimafuna kukuthandizani," ndinatero.

"Ndikudziwa. Anthu odana nane alipo, koma palibe amene anafikapo pamenepa."

"Nanga anzanu aja?"

"Abwerera ku makonde. Kumeneko mukudziwa zimene zimachitika."

Ndinatembenukira kwa a Thomu kuti ndipepese, koma anakweza dzanja.

"Musavutike, bambo. Ine ndangobwera kudzaona nkhope ya munthu wake." Anandiyang'anitsitsa nthawi yaitali ndithu, n'kutsanzika mwaulemu, n'kumapita. Ndikanakonda akanandimenya ndi chibongacho. Mpaka lero ndikuwafunira ntchito, ndipo paliponse pamene ndafunsa amandiyankha kuti, "Si aja otsegulira anthu aja?"

Madzulo omwewo wailesi inanena za msonkhano wathu. Inati anthu a ku Bangwe alandira ndi manja awiri lamulo latsopanoli, ndipo apempha kuti lidutse msanga. Inati mwambo unayenda bwino ndipo unatsekedwa ndi pemphero.

Pamenepa ndiye mundilole ndipse mtima, chifukwa cholakwa changa ndachivomera kale. Inde, pakamwa ndi panga. Koma ndikanapatsidwa mpata wofunsa mafunso anga awiri ngati munthu, ndikanalankhula maso ali otsegula, ndikuona amene akundimva, n'kukhala pansi. Munthu amene mwamuitana kuti adzalankhule, n'kumukhazika pa desiki ya mwana tsiku lonse, n'kumupatsa maikolofoni pokhapokha atatsinzina, musadabwe akagunda mtengo. Anatiitana kuti atimve. Amene anamvedwa ndi mwini sitolo. Amene lamulolo likukamba za iwo, ogona m'makondewo, panalibe ngakhale mmodzi m'holomo, chifukwa nthawi imeneyo anali akunyamula katundu pamsika, ndipo palibe amene anaganiza zopita kumeneko kukawafunsa. Mmodzi yekha amene dzina lake linamveka ndi Zuze, ndipo mwaona zimene linamuchitira. Awiri mwa anzake aja anatoledwa sabata yomweyo. Lamulo lisanadutse n'komwe.

Zuze anabwerera pabalaza pathu. Alandilodi sanachedwe. Tsiku lina m'mawa anandiimitsa pa mpopi, mswachi uli m'kamwa.

"Bambo a Rozi, ndaonanso mutu wachilendo."

"Ndi mlamu wanga."

"Ndikumudziwa, ndinamuona pafoni. Tsono musankhe. Mwina mlendoyo achoke, mwina mwezi ukatha muchoke nonse."

Ndinalavula thovu, n'kuyang'ana pazenera pathu, pamene mayi a kunyumba anaima atagwira katani.

"Tichoka tonse," ndinatero.

Ndikuuzeni zoona, ndinadabwa nawo mawuwo kuposa mmene anadabwira alandilodi. Koma munthu amene wauza Mulungu pamaso pa Bangwe yense kuti kuthamangitsa osowa pogona ndi tchimo, sangathe kutulutsa thumba la mlamu wake panja anthu akuona. Pemphero lija linanditsekera ine ndemwe njira yothawira.

Ndiye masiku ano ndikaweruka ndimayenda kufuna nyumba. Ndafika ku Chilomoni, ndafika ku Zingwangwa. Ena akandiona amandizindikira n'kuyamba kuseka, ena amafunsa kuti tilipo angati, ndikawauza amati nyumba yatengedwa kale. Lamulo lija akuti likadali m'manja mwa akuluakulu, ndipo zimene zalembedwamo sindikuzidziwabe. Mwezi ukatha ndisanapeze nyumba, mwina ndidzazidziwa bwino kuposa amene analilemba.

Dzulo ndinapeza kanyumba ku Machinjiri, kokhala ndi kachipinda kakunja koti Zuze angagonemo. Mwini wake sanavomere, sanakane, wati ndipitenso Loweruka. Titatha kudya tinagwada monga mwa masiku onse, mayi a kunyumba akutsogolera, poti udindo umenewo anandilanda. Ndinawapempha kuti lero lokha andilole ndiikepo mawu pa za nyumbayo. Anayang'ana mlongo wawo. Zuze anaganiza kaye.

"Pempherani, alamu," anatero. "Koma Mulunguyo musamulondolere njira. Akudziwako."